Mapazi a Tursunoy pa Wotchi ya Mkamwini

Ku Kokand, m'dera la kuseri kwa siteshoni ya sitima, mayi aliyense wokhala ndi mwana wamkazi wotha msinkhu ankalidziwa geti lobiriwira la Tursunoy. Ntchito ya Tursunoy inali yokulunga sarpo, madengu a zovala ndi mphatso amene akuchikazi amatumiza kwa mkwati ukwati ukayandikira. Adaigwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atakhala pansi pa mpesa wa pabwalo pake, mpaka msana udapindika ngati chikwakwa. Malaya akawapinda ankaoneka ngati duwa, thaulo ankalisandutsa mbalame ya khosi lalitali. Pini sankaigwira n'komwe. Ankati pini imasiya bala pansalu, ndipo bala la pansalu amaliona ndi azimayi omwe aja amadandaula kuti maso adafooka.

M'zaka zimenezo fashoni zonse za mumzindawu zidadutsa m'manja mwake. Adakulungapo wailesi za makaseti, majekete achikopa onunkha mbuzi, nsapato zosongoka kutsogolo, foni zopinda, kenako foni zazikulu zosakwana m'thumba, makina ometera ndevu, ndi tinthu ta m'makutu topanda waya timene ankaopa kuti tsiku lina tidzagwera mumphika. Chaka chilichonse amalonda ankabweretsa chinthu chatsopano choti mkwati sangakwatire popanda icho, chaka chotsatira chinthu chomwecho n'kukhala chochititsa manyazi. Iye mwini analibe ngakhale chimodzi. Foni yake inali ya mabatani, yomanga ndi labala. Nthawi ankaidziwira pa mthunzi wa mpesa ndi kuitana kwa kumzikiti, ndipo diresi lake la maluwa abuluu lidapita ku maukwati ambiri kuposa oimba.

Lamulo lake linali limodzi basi. Chilichonse cholowa m'dengu chikhale chatsopano, chosakhudzapo khungu la munthu, kapepala ka kusitolo kakulendewera poti aliyense akaone. Nsapato ankayamba wazinunkhiza kaye. Kolala ankaitulutsira padzuwa. Anthu ankamunena kuti mphuno yakeyo ikadayenera kulembedwa ntchito ya upolisi, komabe miyezi ya maukwati ikafika, thonje litakololedwa, ankapanga mzere pageti pake.

Ukali umenewu sadabadwe nawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa ukwati wake iye mwini, bambo ake adaika m'dengu jekete limene adalivalapo kamodzi kokha, ndipo apongozi ake atapisa m'thumba adatulutsamo njere ya mpendadzuwa. Panalibe amene adakalipa. Azimayi adangopatsirana njereyo dzanja ndi dzanja mpaka idazungulira chipinda chonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo Tursunoy adakhala "mtengwa wa njere". Mtengwa wolowa pakhomo ndi chitonzo amachilipira ndi miyendo. Zaka khumi ndi chimodzi ankadzuka anthu onse ali m'tulo kukasesa msewu wa kutsogolo kwa geti ndi kuwazapo madzi, n'kukoleza uvuni, n'kuyamba kuthamanga ndi ketulo. Tiyi wa ulemu amathira pang'ono, wongophimba pansi pa kambale komwera, ndiye wothirayo sakhazikika: wakhala pansi, wadzuka, wakhala pansi, wadzuka. Maondo ake ankaikumbukira njere ija nthawi iliyonse kukazizira.

Chaka chimenechi sarpo yoti akulunge inali ya mwana wake yemwe, Nafosat, mmodzi yekhayo, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, wa manja ofewa. Tursunoy atapita kukaona kwawo kwa wofunsirayo, Mirkomil, nkhope ya mnyamatayo sadaiyang'anitse. Adayang'ana mpopi wa m'khitchini, makina ochapira pakona, ndi mayi wina waganyu amene ankabwera katatu pa sabata kudzakolopa. Adavomera mumtima ali pomwepo. Chimene ankafuna pa moyo wake wonse chinali chimodzi, chakuti Nafosat akalowe m'nyumba ija wopanda dzina lachitonzo, azikakhalako pansi ngati munthu.

Mwamuna wake Sobit anali ku Russia chaka chachisanu, akumanga nyumba za eni. Pafoni ankangoti, "Zimenezi umazidziwa ndiwe, make Nafosat," mawu amene amuna amanena akafuna kusenzetsa denga lonse mutu umodzi.

Madengu ankayenera kupita Lachinayi. Lolemba m'mawa Tursunoy adapita kumsika waukulu kukagula chinthu chimodzi chimene chidatsala, wotchi. Ravshan wa mawotchi adamuonera patali, n'kuyamba kupukuta galasi la kauntala ndi mkono wa malaya. Kumeneko mayi wamkulu amamuitana mwaulemu kuti opa, ngati kunena kuti achemwali.

"Tursunoy opa! Lero mwabwerera mkamwini wanu weniweni, eti? Ndamva, ndamva. Takhalani apa."

Mpando umene ankalozawo unali wodzaza makatoni. Tursunoy adauyang'ana mokhumbira, n'kukhalabe chilili.

"Ndipatse ya mivi, ya lamba wachikopa. Yooneka ulemu."

"Aaa, opa, za mivi n'za agogo zimenezo. Mkamwini wa lero mukam'patsa ya mivi akufunsani kuti chaja chake chili kuti. Taonani iyi." Adatulutsa kanthu kakuda, kosalala, kopanda nambala ngakhale imodzi, n'kukagogoda ndi chala. Kadayaka. "Imayankha foni. Imayeza mtima. Imadziwa ngati munthu wagona bwino."

"Ikadziwa ikauze ndani?"

"Mwini wake, opa."

"Ndiye munthu sadziwa yekha kuti sanagone? Nanga mpunga imaphika?"

"Yophikayo ibwera chaka chamawa."

Ravshan adapitiriza kutchula zina zambiri, za nyimbo, za nyengo, za mapazi, koma Tursunoy anali atasiya kumva. Maganizo anali kwa telala, kwa ophika buledi, ku miphika yobwereka. Ankadziwa kuti wamalondayo sakunama. Madengu onse a chaka chimenecho ankabwera ndi timagalasi takuda timeneti, ndipo fashoni inali yotitulutsa m'bokosi n'kutikhazika pakapilo pamwamba pa suti. Adagula.

Asanatuluke pachipata cha msika adamva mayi wina akulira mokuwa, atanyamula chikwama chong'ambidwa ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tursunoy adakhotera kuseri kwa mulu wa mavwende. Mayi ake adam'phunzitsa kuti chinthu cha mtengo sichiyenda m'chikwama, chimayenda pathupi. Koma lamulo ndi lamulo. Adatulutsa kampango koyera ka m'manja, adakakulunga pamkono, n'kumangirira wotchi pamwamba pake kuti isakhudze khungu, kenako adatsitsa mkono wa diresi. M'chikwama mudatsala bokosi lopanda kanthu. Adadziyamikira mumtima kuti nzeru zikadalipo ndithu.

Kunyumba adapeza bwalo ladzaza achibale ndi anansi odzathandiza, ndipo pakhomo pa ukwati ngakhale supuni imamera miyendo. Adangoti wotchi ikhale pomwe ilipo. Ankaivula posamba kukonzekera swala basi, n'kuibwezeranso.

Masiku atatu amenewo sadasiyane ndi moyo wake wonse, kungoti adapanikizana. Lolemba lomwelo adabwerera kumsika kawiri, poti nsapato za mkwati zidapezeka zazing'ono, zosinthazo n'kupezeka za mtundu wina. Lachiwiri linali loitana anthu. Wamkulu saitanidwa pafoni. Umapita wekha, umagogoda, umavula nsapato, umanyema buledi, umamva za matenda a m'nyumbamo, umatsanzika, ndipo maminibasi salowa m'tinjira ta m'dera lakale. Lachitatu telala adafupikitsa mkanjo wa mkwati mopitiriza, wophika buledi adasokoneza tsiku, mwini mphika waukulu anali atapita kumaliro kutsidya kwa njanji. Adatopa Tursunoy, kutopa kofika m'mafupa, kosachoka ndi tulo.

Lachitatu lomwelo dzuwa likulowa, Nafosat adam'peza atamiza mapazi otupa m'beseni la madzi a mchere.

"Amayi, mufa nawo ukwati wangawu."

"Ndifa Lamlungu, anthu atabalalika. Panopa ndilibe nthawi."

"Bwanji osatuma munthu?"

"Wotumidwa amabwera ndi nkhani, sabwera ndi mphika."

"Komatu a Mirkomil sasamala za madengu. Anandiuza okha."

"Madengu amapita kwa mkwati, mwana wanga, koma amawamasula ndi azakhali ake." Tursunoy adatulutsa phazi limodzi, adaliyang'ana, n'kulibwezera m'madzi. "Iwe ntchito yako ndi imodzi. Ukakhale pansi m'nyumba ija. Kuyenda ndayendera kale tonse awiri."

Lachinayi m'mamawa adakulunga madengu asanu ndi awiri, ndipo chiyambire ntchitoyi anali asanakulungepo okongola choncho. Wotchi adaipukuta ndi thonje, adainunkhiza, adaitembenuza padzuwa, n'kuikhazika pakapilo kake. Panalibe fungo, panalibe pokalika. Ena amatuma achibale kuperekeza madengu, koma iye adakwera nawo yekha galimoto, dengu la wotchi atalinyamula pamiyendo.

Kwa Mirkomil azimayi oposa makumi awiri anali atakhala mozungulira nsalu ya chakudya. Mayi wa mkwati, Muattar, anali munthu wofatsa, wolankhula pang'ono koma wosunga zambiri. Woopsa anali mlamu wake Sharofat, azakhali a mkwati. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo Sharofat adabweretsa kwa Tursunoy nsapato zoti zilowe mu sarpo ya mwana wake, Tursunoy n'kuzinunkhiza n'kum'bwezera. Adachita zimenezi ali awiriwiri, sadauzeko munthu, ndipo kunena zoona adam'pulumutsa. Koma mlandu suola. Kuyambira pamenepo Sharofat ankam'patsa moni wa pamilomo chabe.

Madengu adayamba kumasulidwa. Suti idazungulira, azimayi akugwiragwira nsalu ndi kuwerenga kapepala. Sharofat adapisa m'matumba onse, ngakhale kam'kati kaja, n'kutulutsa dzanja lopanda kanthu. Nsapato adazinunkhiza nthawi yaitali, maso ali pa Tursunoy. Sadapeze kanthu. Kenako adatola wotchi. Tsoka ilo, iye ankavala ina yonga yomweyo, imene mwana wake adam'gulira chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiye zala zake zinkadziwa pokhudza. Adagogoda, adatsetsereza chala kawiri, nkhope yake n'kuwala.

"Asewere," adatero mokoma, "wotchi imeneyi munaigula kwa munthu wa positi?"

"Bwanji, Sharofat opa?"

"Ayi, kungofunsa chabe. Poti yayendatu iyi. Lolemba, mapazi zikwi makumi awiri ndi zitatu. Lachiwiri, zikwi makumi atatu ndi chimodzi. Lachitatu, zikwi makumi awiri ndi zisanu. Ine dokotala amati ndiziponda zikwi zisanu patsiku, koma ndimazikwanitsa pokhapokha kukakhala maliro awiri. Ndiye yatsopano imeneyi? Kapena imadziyendera yokha?"

Maso onse adatembenukira kwa Tursunoy. Mawu a Ravshan aja adabwerera tsopano, aja a mapazi amene iye sadawamvere. Iye ankateteza khungu, osadziwa kuti kanthuko kalibe nalo ntchito khungu, kakuwerenga miyendo.

Muattar adayesa kum'tsegulira kakhomo kothawira. "Amalonda a masiku ano saopa Mulungu," adatero. "Akupatsani yoti wina anabweza, asewere. Si vuto lanu."

Mitu ingapo idagwedezeka kuvomereza. Kakhomoko kanali kotseguka ndithu, koma Tursunoy ankadziwa kumene kamatulukira. Akangoti inde, wotchi ikhala yovala munthu wosadziwika, ndipo Nafosat akhala "mtengwa wa wotchi ya kaunjika" mpaka imvi. Adaona kale dzanja la mayi woyandikana ndi Sharofat likutambasuka kuti lilandire, mmene adatambasukira manja aja pa tsiku la njere. Komanso mphamvu zoti aname analibe, poti bodza limafuna munthu wopuma.

Adakweza mkono wa diresi. Chidindo cha lamba chinali chikadalipo, mzere wofiirira kuzungulira mkono. Adatulutsa kampango kaja m'thumba n'kukaika pansalu.

"Mapaziwo ndi anga," adatero. "Ndinaopa akuba kumsika, ndiye ndinaimanga apa, pamwamba pa kansaluka. Khungu langa siinalikhudze. Zoti imawerenga sindimadziwa, ndine mbuli pa zinthu zimenezi. Lolembalo ndi nsapato mwanunkhizazo, opa, ndinazibweza kawiri. Lachitatu ndi mkanjo ndi mphika. Lachiwiri ndinagogoda makomo makumi anayi ndi atatu. Pa lanu ndinabwera kawiri, poti ulendo woyamba anandiuza kuti mukupuma."

Wina adaseka pakona, n'kudzitseka pakamwa ndi mpango. Kenako mayi wina wachikulire adati, "Tabweretsani ndione." Wotchi idayamba kuzungulira dzanja ndi dzanja, koma ulendo uno azimayi ankapukusa mitu.

"Zikwi makumi atatu, mayo ine!"

"Ndi maondo amenewa?"

"Muwaonetse amuna athu zimenezi, aja amati timangokhala."

Wina adapukuta msozi. Wina adam'kankhira Tursunoy pilo kumsana. Sharofat adatsala ndi kumwetulira kosowa pokuika. Kwa kanthawi Tursunoy adapuma mpweya wonse, koyamba pa masiku anayi, ndipo mtima udakhala pansi poona kuti ulendo uno dzina lagwera iye, mwana wapulumuka.

Wotchi idathera m'manja mwa Muattar. Adaiyang'ana nthawi yaitali, maso akunyezimira.

"Make mbuu, mwana mbuu," adatero pang'onopang'ono. "Mulungu watikonda, abale. Mwana wa mayi wotere sangakhale pansi dzuwa likuwala."

"Ndiye mayi wokolopa uja mungom'tsanzika, mlamu," adatero Sharofat. "Kukubwera wa zikwi makumi atatu."

Onse adaseka. Muattar sadaseke nawo, adangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva mfundo yanzeru. Tursunoy adaika kambale pansi, tiyi osamaliza.

Ukwati udachitika, udakoma, anthu adadya osh, mpunga wa nyama wa paukwati, mpaka kumasula malamba. Ntchito ya Tursunoy siidafe. M'malo mwake idachuluka, poti nkhani ya mapazi idamveka mpaka kumzinda wa Margilan, ndipo azimayi ankabwera ndi madengu awo kuti aoneko miyendo yotchukayo. Iye ankangokulunga basi.

Atatha masiku makumi anayi amene mtengwa sapita kocheza, Nafosat adabwera kudzacheza, swala ya masana isanakwane. Adavala diresi lonyezimira la utengwa ndi mpango watsopano, wokongola ngati wa pachithunzi, koma pokhala pansi adayamba wagwira khoma, mmene amachitira mayi ake. Pamkono pake panali kagalasi kakuda kaja.

"Imeneyi si ya amuna ako?"

"Akuti imawasokoneza pantchito. Apongozi anati ndizivala ine, poti ili ndi madalitso anu." Nafosat adaseka pang'ono. "Amandikonda, Amayi, musadandaule. Madzulo aliwonse amaiyang'ana, n'kukauza anansi nambala. Akuti ndatsala pang'ono kukupezani."

Tursunoy adagwira dzanja la mwana wake. Linali litayamba kukhakhala. Adagogoda kagalasiko mmene adachitira Sharofat. Zikwi khumi ndi ziwiri, dzuwa lisanafike pamutu.

Adayala kamatiresi pansi pa mpesa, adakoka ketulo, ndipo Nafosat atatambasula dzanja kuti athire ndiye, adalimenya pang'ono. Adam'thirira kambale kodzaza mpaka m'mlomo, mopanda ulemu, kuti pasakhale wodzukanso. Tiyi asanathe, mutu wa Nafosat unali utatsamira mzati, maso atatsekeka.

Patapita ola wotchi idanjenjemera, pagalasi padatuluka kamunthu koyenda, kukumbutsa mwini wake kuti wakhalitsa. Nafosat adadzambatuka, akufunafuna nsapato maso asanatseguke bwino.

"Gona," adatero Tursunoy, atam'gwira bondo.

"Amayi, ndikakhala tsiku lonse nambala ichepa. Madzulo afunsa kuti kodi kwanu umangogona?"

Tursunoy adamuyang'ana mwana wake, adayang'ananso madengu anayi a eni amene ankadikira kukulungidwa pakona. Kenako adamasula lamba uja pamkono wa Nafosat n'kuumanga pa wake, ulendo uno wopanda kampango. Adam'funditsa mwanayo bulangete, adagwira mzati, adadzuka maondo akulira. Kuchokera pageti kukafika pauvuni panali mapazi makumi awiri ndi awiri. Adavula nsapato kuti asam'dzutse, n'kuyamba kuyenda.